Tsiku Limene Ndinakatapa Kamzimu ka Khanun

Lamduan anafika panyumba pathu mvula itangoyamba kugwa, diso lina litatupa ngati dzira la bakha. Kumbuyo kwake kunali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi katagwira nsonga ya nsalu yake. Katundu wawo yense anali m'thumba limodzi la feteleza. Ine ndinali pakhonde ndikusinja papaya ndi tsabola.

"Fikani, fikani," ndinatero. "Mwakhoza nthawi. Tsabola wangayu atupitsa diso linalo kuti afanane."

Mayiyo anaseka pang'ono atagwira nthiti. Mwanayo sanaseke.

Nyumba yathuyi ilibe chikwangwani, ndipo msewu wake sindikuuzani, musavutike kufunsa. Ili penapake m'tauni ya Roi Et, basi. Mumakhala amayi othawa zibakera za amuna awo pamodzi ndi ana, ena miyezi isanu ndi umodzi, ena chaka, mpaka apeze ntchito ndi kachipinda kawokawo. Woyang'anira ndi Mayi Wilai, munthu wa magalasi ndi makiyi ambiri. Ine ndine Thongbai, wophika. Onse amanditcha Azakhali, ngakhale mphaka. Amuna awiri ndinawaperekeza kale kukachisi kowotcha maliro. Palibe amene ndinamupha, ngakhale wachiwiriyo ndinaganizapo kangapo.

Mwanayo dzina lake Khanun. Milungu itatu inatha osatulutsa liwu. Mpunga womata ankangoukanda m'manja mpaka ude, kenako n'kuusiya m'mbale. Chivindikiro cha poto chikagwa, iye ali kale pansi pa tebulo. Ine ndinayesa zonse. Ndinavala dengu kumutu, ndinavina ndi tsache, ndinaonetsa pamene panachoka mano n'kunena kuti anandibera ndi nalimata. Ana enawo ankagubuduka ndi phwete. Khanun ankangondiyang'ana ngati akuyang'ana khoma. Mayi Wilai ankapita naye kwa dokotala wa ana Lachiwiri lililonse, kumene ankamupatsa mapepala kuti azijambula. Dokotalayo anati tidikire, zimatenga nthawi.

Loweruka lina m'mawa Lamduan analowa m'khitchini thumba la feteleza lija lili m'manja, zovala zili kale m'kati.

"Ukupita kukathira munda wa ndani?" ndinafunsa.

"Azakhali, musaseke lero. Tamverani izi."

Loweruka Mayi Wilai amabweza mafoni kwa ola limodzi. Lamduan anadina, ndipo munatuluka mawu a nkhalamba. Anali apongozi ake, Mayi Buapan.

"Make Khanun, ndamva kuti mwana sakulankhula. Ukudziwa chifukwa chake. Kamzimu kake kanatsala kuno, kanagwera pabwalo pano. Kuchipatala sangakapeze. Bwera naye timumange ulusi. Mwamuna wako Sawai walumbira pamaso pa amonke a kukachisi kuti mowa wausiya miyezi itatu yonse ya mvula. Bwera, mwana wanga."

Kwathu kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti munthu ali ndi khwan, kamzimu kamantha kokhala paliwombo. Ukadzidzimuka kwambiri kamatuluka n'kutsala pomwepo, thupi n'kumangoyenda lokha ngati chigoba cha nkhono. Ndiye Lamduan sanali wopusa. Akanakhala mwana wanga, inenso mtima ukanagwedezeka.

"Tamuonani, Azakhali," anatero akuloza pazenera. Khanun anali atakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ana anzake akulumpha chingwe pafupi. "Ine kumenyedwa ndinazolowera. Koma mwana akhale chonchi chifukwa ine ndathawa?"

"Nthiti zabwino zatsala zingati?"

"Zilipo."

"Ndiye ukufuna ukamupatse amalize. Khala pansi, iwe. Ndani anakuuza kuti kamzimu amakatenga ndi mwini wake? Kumudzi kwanu kulibe akazi amasiye? Sunaonepo nkhalamba ikuyenda ndi kaukonde kotapira tinsomba, pamtunda pouma?"

"Ndinaonapo. Koma ndani angalowe pabwalo pa Sawai?"

"Wamasiye kawiri ali pamaso pakopa. Kanga kaukonde kamakola kawiri."

Anaika thumba lija pansi. Kenako anati adikira mpaka dzuwa la mawa lake litalowa. Likalowa ine ndilibe kanthu, Lolemba akwera galimoto ndi mwana.

Vuto linali Mayi Wilai. Ndinawapeza muofesi akulimbana ndi mapepala.

"Azakhali," anatero atamva, "lamulo loyamba la nyumba ino ndi lotani?"

"Osathira tsabola m'chakudya cha ana."

"Azakhali."

"Osapita kumene munthu wathawa. Ndikulidziwa, Mayi, ngakhale kuwerenga ndimachita kugogoda chilembo chimodzichimodzi."

"Akakutsatirani? M'nyumba muno muli amayi asanu ndi awiri. Mmodzi akapezeka, apezeka onse."

"Ndiye sankhani nokha. Kupite ine ndi kaukonde, kapena kupite Lamduan ndi mwana. Paja mumanena kuti chitseko chathu chimatsekera anthu kunja, sichitsekera munthu m'kati."

Anavula magalasi n'kutikita maso. Iwo za timizimu sakhulupirira, anapita kusukulu yaikulu. Koma anthu amawadziwa. Anati ndisatenge foni kapena kapepala kalikonse ka panyumba. Pobwera ndisabwere molunjika. Nditsikire pamsika waukulu, ndidutse m'kati njira ya ogulitsa zovala, nditulukire chipata chakumbuyo kumene amatayira makoko a kokonati. Iwo adzandidikira pamenepo ndi galimoto.

"Mukangoona zovuta, thawani."

"Ndi mawondo ati, Mayi?"

M'mawa mwake ndinalongedza m'kaukonde mpunga womata wodzaza dzanja, dzira lowiritsa, nthochi imodzi, ulusi woyera, ndi kabulauzi ka Khanun kachikasu. Lamduan anandiuza malo. Tsiku limene anamenyedwa komaliza iye anakomoka, ndipo potsitsimuka anapeza mwana atadzipinda pansi pa makwerero a nyumba. Anati ndikatape pamenepo.

Galimoto ya mabenchi inandigwedeza maola awiri pakati pa minda ya mpunga. Ndinalankhula njira yonse, ndinakwatitsa dalaivala kwa mayi wina wogulitsa achule, chifukwa ndinkadziwa zimene zinkandidikira pobwerera. Wonyamula kamzimu salankhula ndi munthu ndipo sacheuka mpaka akafike. Ukacheuka, kamabwerera.

Nyumbayo ndinaipeza mosavuta, yamatabwa, yokwezeka pamizati, denga lobiriwira. Pansi pake mwamuna ankakonza kathirakitala kolimira. Ine ndinkayembekeza chinjati cha munthu. Ndinapeza kamunthu kowonda, tsitsi lopesa bwino. Anaimirira, anapukuta manja, anawaphatikiza pachifuwa mwaulemu wake wonse.

"Takulandirani, agogo. Mumwa madzi?"

"Ndimwa. Ndinu bambo a Khanun?"

Chikho chinaima m'malere. Anayang'ana kaukonde, anaona kabulauzi kachikasu.

"Mwachokera kuti, agogo?"

"Kumene ndachokerako."

"Mkazi wanga ali bwino?"

"Akupuma. Nthiti ziwiri ndi zimene zimadandaula akamaseka, ndiye ndachepetsako nthabwala."

"Anthu amakokomeza," anatero mofatsa. "Ine ndinangomukankha."

"Eya. Inenso malemu wachiwiri ankangondikankha." Ndinatsegula pakamwa kumuonetsa mipata. "Anakankha awa atatu mpaka sanabwerenso."

Sanaseke. Nsagwada yake inayenda, ndipo ndinaona kuti chinjati chija chilimo ndithu, chimangogona. Nthawi yomweyo pamakwerero panatsika nkhalamba yaifupi, nsalu yamadontho paphewa, milomo yofiira ndi mtedza wofiiritsa m'kamwa umene nkhalamba za kuno zimatafuna. Anali Mayi Buapan.

"Ndinati abwere ndi mwana," anatero osandipatsa n'komwe moni. "Sindinati atumize mlendo."

"Achemwali, munati kamzimu ka mdzukulu wanu kali pano. Ine ndabwera kudzakatenga. Kapena si kamzimuko kamene kakukuvutani?"

Ine sindinadikire chilolezo. Ndinagwada pansi pa makwerero, mawondo akulira ngati chitseko chakale, n'kuyamba kukokola kaukonde pafumbi.

"Si pamenepo," anatero Mayi Buapan.

"Make ananena pano."

"Make anali chikomokere. Sakudziwa. Bwerani."

Ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene kunali mitsuko ikuluikulu inayi yosungira madzi a mvula, ija yoti munthu wamkulu akalowamo angooneka mutu. Itatu inali yodzaza. Wachinayi unali ndi mng'alu, wouma, wovundikira ndi chidutswa cha lata. Sawai anabwera pambuyo pathu n'kuima chapatali.

"Ndinamulowetsa ndine," anatero Mayi Buapan, mawu ali pansi. "Nditamva kuti zayambika m'mwambamo. Ndinamunyamula, ndinamuika umu, ndinavundikira. Ndinamuuza kuti, Khanun, usatulutse liwu mpaka ine ndikuuze. Aka sikanali koyamba. Masiku onse zikatha ndimabwera n'kumuuza kuti tuluka, zatha. Koma tsikulo anthu anadzaza pabwalo, ena akufuula kuti wafa, wafa. Ine ndinathamangira m'mwamba. Mwana anatuluka yekha. Galimoto inawatenga onse awiri kupita kuchipatala." Analavula mtedza uja pansi. "Sindinamuuze."

Ndinachotsa lata n'kusuzumira. Pansi pa mtsukowo panali kasilipasi kamodzi ndi timiyala tisanu tosalala, toikidwa mumzera bwinobwino. Mwana anali ndi zidole zake m'menemo.

"Amayi, mukuuza mlendo zimenezo bwanji?" anatero Sawai.

"Khala chete," anayankha make osacheuka. Ndikuganiza kuti chibadwire anali asanamuuzepo choncho, chifukwa anakhaladi chete.

Ndinalowetsa kaukonde mumtsuko n'kuyamba kuitana. Paja poitana kamzimu umakauza kumene kakupita, dzina la mudzi ndi la nyumba, kuti kasasochere. Ndinaona Sawai atatchera khutu ngati galu womva kulira kwa mbale. Ndinati m'mtima, udikira mpaka mpunga udzikolole wokha.

"Bwera, kamzimu ka Khanun, bwera. Usakhale mumtsuko, muli nalimata. Usakhale pamdima, usakhale ndi achule. Dzira lako ili, nthochi yako iyi. Tiye kumene kuli amako. Kumene kuli amako ndiye kwanu. Njira ndikuidziwa ine, iwe ungokhala phee m'kaukonde."

Ndinatapa katatu. Ndinatola timiyala tija n'kuika m'kaukonde. Ndisanavundikire, Mayi Buapan anandigwira mkono. Anawerama mpaka milomo yake inatsala pang'ono kukhudza kabulauzi.

"Khanun, mdzukulu wanga. Ndine agogo. Tuluka tsopano, zatha. Ukhoza kulankhula." Anaweramuka n'kundiyang'ana m'maso. "Mukamuuze choncho. Mawu omwewo. Ndipo make mukamuuze kuti uthenga uja ndinanena uyu ataimirira pambali panga."

Ndinavundikira kaukonde ndi nsalu, ndinatseka pakamwa, ndinayang'ana kumsewu.

"Agogo, dikirani," anatero Sawai. "Ndikuperekezeni pa njinga yamoto. Mawondo anuwo."

Ine duu.

"Agogo, ndikulankhula nanu. Ndi mwana wanga ameneyo. Ndili ndi ufulu wodziwa kumene ali."

Ine duu. M'kamwa munali mayankho asanu ndi limodzi, onse abwino, akukankhana kuseri kwa mano otsalawa. Ndinawameza onse. Kumbuyo ndinamva make akuti, "Sawai, kamzimu sakatsatira kumbuyo. Usiye." Kenako ndinamva njinga yamoto ikulira.

M'galimoto ya mabenchi munali dalaivala yemwe uja. "Azakhali, mwabwerera? Nanga ukwati wanga uja ufika pati?" Ataona kaukonde kovundikira anadzimenya pakamwa. Anthu anandisunthira malo, wina anachotsa nkhuku zake pafupi kuti zisadzidzimutse mwana. Palibe anandifunsa kanthu. Ine maso pakaukonde, milomo ikungoyenda chamumtima, bwera, bwera, usaope mabampu.

Titadutsa midzi iwiri, mayi wina anauza mnzake, mokweza dala kuti ndimve, "Wanjinga wa malaya abuluu uyu watitsatira kuchokera kuja. Tikaima, iye akuima."

Maola awiri, abale. Chibadwire sindinakhalepo chete maola awiri, ngakhale m'tulo amati ndimakangana ndi anthu. Ndinkaganiza za amayi asanu ndi awiri aja, wina ali ndi pakati, wina anathawa ndi mapasa. Ndinkaganizanso za dzuwa, limene linali litayamba kupendeka. Ndikapita molunjika, ndamubweretsa. Ndikazungulira mpaka kude, Lamduan anyamula thumba. Ndinangogwiritsa kaukonde.

Pamsika ndinatsika pang'onopang'ono, n'kulowa pachipata chachikulu. Ndinamva njinga ikuzima kumbuyo. Chipata chakumbuyo chili kutali, ndipo ndi mawondo angawa, mwana wokwawa akhoza kundipeza. Ndiye sindinadutse njira ya zovala imene Mayi Wilai ananena. Ndinakhotera kumanzere, kanjira kopanikiza ka amayi ogulitsa nsomba zovunditsa m'mitsuko, kumene fungo limakupatsa moni usanafike.

Kumeneko kuli Kesorn. Ine ndi Kesorn takhala tikutukwanana zaka makumi atatu, ndipo akadzafa ndidzalira kuposa ana ake.

"Taonani, taonani!" anakuwa atandiona. "Nkhalamba yopanda mano ija sinafebe! Iwe Thongbai, kukachisi akukusungira nkhuni, ukuchedwa chiyani?"

Ndinadutsa osayankha.

"Iwe! Wagontha?"

Ndinangokweza kaukonde pang'ono kuti akaone, kenako ndinatembenuza maso okha, mutu osatembenuka, kuloza kumbuyo. Kesorn amadziwa mtundu wa anthu amene ndimawaphikira, ngakhale nyumbayo saidziwa. Anasiya chipande.

Zotsalazo ndinangomva ndi makutu, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinaone. Ndinamva mabeseni akukokedwa pasimenti. Ndinamva Kesorn akuti, "Achimwene a malaya abuluu, mwathamangira kuti? Talawani kaye iyi, ya chaka chatha."

"Ndipatseni njira, amayi."

"Njira ilipo, koma kutsogoloko kukupita kamzimu ka mwana. Amuna sakatsatira. Amayi anu sanakuuzeni?"

"Ndi mwana wanga!"

"Ndiye kakuthawani chifukwa chiyani?" anafunsa mayi wina. Msika wonse unati gwaa kuseka.

Kenako ndinamva khuuu, msuzi wa nsomba ukukhuthuka ngati mtsinje wasefukira, ndi mawu a Kesorn odandaula mwabodza, "Mayo ine, mkono wangawu! Pepani achimwene, pepani, zalowa mpaka m'nsapato? Musasunthe, muterereka. Anzanga, bweretsani madzi timutsuke mlendoyu!" Anandiuza pambuyo pake kuti anamutsuka amayi anayi, aliyense atagwira kwake, ndipo sanafulumire.

Mayi Wilai anali pachipata chakumbuyo injini ikulira. Anatsegula chitseko, anayamba kufunsa, ndinawaloza pakamwa. Anazungulira misewu itatu akuyang'ana pagalasi, kenako tinalowa kwathu dzuwa likadali pamwamba pa mtengo wa bwemba.

Amayi onse anali pakhonde, atayala mphasa, Khanun ali pamiyendo ya make. Ndinaima pachipata n'kutsegula pakamwa koyamba. Mawu anatuluka ngati a chule.

"Eni nyumba! Kamzimu ka Khanun kafika kodi?"

"Kafika!" anayankha onse pamodzi. Ngakhale Mayi Wilai, amene sakhulupirira, ndinawamva kumbuyo kwanga akuti kafika.

Ndinagwada, ndinavundukula kaukonde pamutu pa mwanayo, ndinamuveka kabulauzi kachikasu. Timiyala tija tinagwera pamphasa. Khanun anatiyang'ana, anatola kamodzi, kenako anandiyang'ana ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana ngati ndine munthu.

"Ndachokera kwa agogo ako," ndinatero. "Andituma mawu. Akuti, Khanun, mdzukulu wanga, ndine agogo. Tuluka tsopano, zatha. Ukhoza kulankhula."

Palibe chinachitika. Amayi anayamba kumumanga ulusi woyera padzanja mmodzimmodzi, aliyense akunena zake, ukule, unenepe, usadwale. Ine ndinasenda dzira n'kumupatsa. Anadya loyera, anadya lachikasu, ananyambita chala. Kenako anakoka khutu la make n'kunong'oneza kanthu, pang'ono kwambiri, moti ine sindinamve.

Lamduan anatembenukira kwa ine. "Akufunsa ngati agogo ake sanamenyedwe chifukwa cha mtsuko," anatero. "Mtsuko wanji, Azakhali?"

Mayi wa mapasa anatenga Khanun kukamuonetsa mphaka. Ine ndinakhala pamphasa n'kumuuza Lamduan zonse, za lata, za kasilipasi, za timiyala mumzera, ndi kuti sikanali koyamba. Ndinamuuzanso mmene uthenga wa pafoni uja unanenedwera. Sanalire. Anakhala akupotokola ulusi wotsala pachala mpaka chala chinayera.

"Ine ndinkati sakuona," anatero. "Ndinkati bola akundimenya m'mwamba, mwana ali pansi akusewera."

"Ankaseweradi. Mumtsuko."

Anaimirira n'kupita kwa Mayi Wilai, amene ankanamizira kuthirira maluwa pafupi.

"Mayi, pepala lija munanena, la kukhoti, loletsa munthu kuyandikira. Ndinakana kusaina."

"Likadali m'kabati."

"Lolemba tipite. Ndiponso sukulu ija ya kuseri kwa kachisi, amalandira ana pakati pa chaka?"

"Tikafunsa tikamachokera kukhoti."

Khanun sanasanduke wolongolola tsiku lomwelo, musaganize choncho. Mlungu wonsewo ankangonong'oneza kwa make yekha, ndipo kwa dokotala akupitabe mpaka pano. Chivindikiro chikagwa amanjenjemerabe, koma pansi pa tebulo salowa.

Lolemba m'mawa, akukonzeka kupita kukhoti, Mayi Wilai anandipeza ndikutsuka mpunga.

"Azakhali, Mayi Buapan aja atsala okha ndi mwana wawoyo m'nyumba ija. Mwati anamuuza kuti akhale chete pamaso pa mlendo?"

"Pamaso panga."

"Kachipinda ka pafupi ndi khitchini kali ndi bedi lachiwiri."

"Kachipinda kameneko ndi kanga, Mayi."

"Ndikudziwa. Mumaliza mkonono?"

"Ngati thirakitala."

"Azolowera. Mupite Lachinayi. Amonke a m'mudzimo ndalankhula nawo kale, akawaitanira kukachisi kuti mukalankhule nawo mwana wawo kulibe. Akakana, akana, koma amve kuti bedi lilipo."

Ndinathira madzi a mpunga pamaluwa n'kuyamba kuganiza zoti ndikainyengerere bwanji nkhalamba youma mutu ija. Ulendo uno pakamwa pakhala potsegula popita ndi pobwera pomwe.